Mapepala Opotokera Kumanzere

Sukulu yathu ya sekondale inali m'mabalani akale ootcheramo fodya, pa pulazi lina kufupi ndi Marondera, ukapatuka pa msewu wa ku Mutare n'kuyenda m'fumbi mpaka miyendo kutuwa. Mzungu wa pulazilo atamanga mabalani atsopano, akalewo anawasiyira ana a m'komboni kuti aziphunziriramo. Ife a Fomu 3 tinapatsidwa la kumapeto. Linali lalitali ngati tchalitchi koma lopanda mawindo, kupatula mabowo awiri amene anagumula pakhoma kuti tiziona pa bolodi. Ukakweza maso unkaona mitengo yopachikapo fodya itasanjikizana mpaka kuzimirira mumdima wa kudenga. Fungo la fodya silinathemo. Tinkapita nalo kunyumba m'mayunifolomu.

Chinali chaka chotsatira chilala chachikulu chija, ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Abambo anga anali telala wa m'komboni, Msilamu wa ku Malawi amene anabwera kuno ali mnyamata. Pa benchi ndinkakhala ndi mtsikana wina wachikatolika, wa anthu a ku Tete. Ndizingomutchula kuti mnzanga. Kwawo ankakhala awiri okha, iye ndi bambo ake. Mayi ake anatsala m'njira pamene ankathawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo za iwo sankakamba. Bambowo ankagwira ntchito yosonkhezera moto m'mabalani atsopano. Anali munthu wowonda, wosayankhulayankhula, ndipo nsidze zawo zinali zitawauka kalekale.

Aticha athu a sayansi anali Mshona wachinyamata, wongochoka kumene ku koleji. Tsiku lina kumayambiriro kwa chaka analowa atanyamula mpukutu wa pepala lakhaki lija lokutira mabelo a fodya, limene anakapempha kwa foromani. Anatiuza kuti m'thupi la munthu, m'tizigawo tosaoneka ndi maso, muli ulusi wotchedwa DNA, ndipo kuti ulusiwo ndi umene umasunga mphuno ya bambo ako, msinkhu wa mayi ako, ndi mpata wa pamano wa agogo amene sunawaonepo. Anati umaoneka ngati makwerero opotoka. Makina oonera tinthu ting'onoting'ono tinalibe, choncho anati tiupange tokha ndi manja.

Unkadula pepala lotalika ngati mkono n'kujambulapo masitepe a makwerero. Pa sitepe lililonse unkalemba zilembo ziwiri: A amayenda ndi T, C amayenda ndi G, osasokoneza. Ukatero unkapinda pa mzere uliwonse, n'kulitembenuza, n'kupindanso mopendekeka kuchoka pakona kufika pakona. M'mbali unkapindamo kuti mukhale ngati mitengo iwiri ya makwerero. Pomaliza unkalipanikiza pakati pa zikhato mpaka kuphwatalala, ndipo ukalisiya linkadzitambasula lokha, litapotoka. Tsiku loyamba tinakuwa ngati taona matsenga.

Lamulo limodzi lokha ndi limene aticha sankaseka nalo. Makwererowo ayenera kupotokera kumanja.

"Mukaone nyemba zimene zikuyanga pa chimanga m'madimba mwa amayi anu," anatero. "Zonse zimakwera mozungulira mbali imodzi. DNA nayonso ndi choncho. Wopinda chamanzere ndimung'ambira."

Anati aliyense apange zidutswa zisanu, tizizisokerera chimodzi kunsi kwa chinzake ndi ulusi umene ine ndinkabweretsa kuchokera pa mashini a abambo. Anaponya chingwe pa mtengo wa pamwamba penipeni, ndipo makwerero akatalika tinkawakokera m'mwamba, moti nsonga yake nthawi zonse inkalendewera pamlingo wa mutu wa munthu, pakona pafupi ndi bolodi. Dzuwa likatentha malata, mpweya wa m'balanimo unkawazunguza pang'onopang'ono, ndipo ankaoneka ngati akukwera okha kulowa mumdima wa kudenga.

Mnzanga ndiye ankapinda bwino kuposa tonse, koma ankachedwa. Mzere ukangokhota pang'ono ankayambiranso. Ine nditapereka zanga zonse zisanu, iye anali atangopereka ziwiri.

Lachinayi lina anadandaula mutu. Lachisanu sanabwere. Loweruka anamutengera ku chipatala cha m'tauni pa lole ya pulazi, akuti khosi lauma, sakutha kuwerama. Lolemba m'mawa lole yomweyo inabwera naye m'bokosi. Anakamuika kumanda a pulazi, kuseri kwa mabulugama. Ife akazi achisilamu sitifika kumanda, choncho ndinaima patali ndi amayi, pa chulu, n'kumamva nyimbo za Akatolika zikubwera ndi mphepo, zikudukaduka.

Kuyambira pamenepo aticha sanakambenso za makwerero. Ankangolendewera pakona paja. Ine ndinkakhala ndekha pa benchi, ndipo ndinkapeza kuti ndikudzipanikizabe kumphepete monga kale.

Patatha masabata awiri, Lolemba m'mawa, tinamasula waya wa pachitseko n'kulowa. Amene anali patsogolo anaima chilili. Kunsi kwa makwerero athu akhaki kunali chidutswa chatsopano, choyera mbee. Chinali chosokedwa ndi chingwe chomangira fodya, osati ulusi wanga. Ndinasendera pafupi. Linali pepala la m'kope, la mizere, ndipo m'mapindidwe ake munkaoneka zolemba za bolopeni yabuluu. Ndinali nditakhala pambali pa zolemba zimenezo zaka zitatu. Ndinkadziwa g wake wa mchira wautali ngati mbedza. Pa masitepe, pamene pamayenera kukhala A ndi T, panali timitanda tating'ono tojambulidwa ndi khala.

Mtsikana wina wachishona anati, "Chipoko," ndiye kuti mzukwa, ndipo kalasi yonse inathamangira panja.

Aticha atafika anakwiya kwambiri. Sindinawaonepo atakwiya choncho. Anatiimika pamzere padzuwa n'kufunsa kuti ndani akusewera ndi dzina la womwalira. Tonse tinakana. Anatilowetsa, n'kupita pakona paja ali ndi lezala m'manja. Koma asanadule anaima, n'kuyamba kuchiyang'anitsitsa.

"Ichi chapotokera kumanzere," anatero motsitsa mawu, ngati akudziuza okha. "Palibe wa m'kalasi muno amene amapindabe chamanzere."

Nthawi yomweyo makwerero anayamba kuzungulira. Tonse tinaona. Akhaki aja ankaoneka ngati akukwera kudenga monga mwa masiku onse, koma chidutswa choyeracho chinkaoneka ngati chikutsika, chikuboola kuloza pansi. Aticha anachidula, n'kuchiphwatalalitsa, n'kuchiika m'buku lawo, ndipo tsiku limenelo anatiphunzitsa za mizu ya mbewu osayang'anako pakona.

Lolemba lotsatira tinapeza china. Pepala loyera, timitanda ta khala, chingwe cha fodya, chopotokera kumanzere. Ulendo uno ndinatha kuwerenga mawu ena m'mphepete. Linali tsamba la m'kope la zimangirizo zachingerezi, chimangirizo chimene tinalemba chaka chathacho chonena za bwenzi la pamtima. Ndinaona dzina langa, lopindika pakati.

Sabata imeneyo tinaphunzirira pansi pa mtengo, chifukwa makolo ena analetsa ana awo kulowa m'balanimo. Anzathu achishona ankati ndi ngozi, mawu amene kwa ife ndi tsoka la pamsewu koma kwa iwo ndi mzimu wobwera kudzabwezera. Ena ankati ndine ndikuchita zimenezi, poti ndine ndinkakhala naye ndipo mwina ndinatsala ndi kope lake. Ku mpopi akazi ankasiya kuyankhula ndikafika. Abambo anandiitana pa mashini awo, n'kundifunsa kamodzi kokha ngati ndikudziwapo kanthu. Ndinati ayi. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kupalasa mashini. Amayi ndiwo sanakhutire. Anapita kwa shehe kukatenga madzi owerengera n'kundimwetsa. Ine chimene chinkandisowetsa mtendere si zonena za anthu. Ndinkaganiza kuti mwa masamba onse a m'kopemo, chifukwa chiyani linasankhidwa la dzina langa, ndipo chinkandiitanira chiyani.

Lamulungu masana abambo anandituma kukapereka ovololo imene anaika zigamba. Atatchula mwini wake ndinafuna kukana, koma abambo anga sankakanidwa. Inali ya bambo a mnzanga.

M'komboni munali mopanda anthu. Onse anali atapita kutsidya kwa damu kumene kunali gule, ndipo ng'oma zinkamveka chapatali. Nkhuku zokha ndizo zinkapalasa m'njira. Nyumba yawo inali kumapeto kwa mzere, chitseko chili chotsegula. Ndisanati odi ndinamva mawu a munthu akuyankhula motsitsa, n'kumaima ngati akudikira yankho, n'kuyambanso. Ndinaganiza kuti ali ndi mlendo.

"Odi, Bambo."

"Lowa, mwananga."

Ndinagwada pakhomo. Anali okha. Anakhala pa mphasa atatambalala, kope lili pambali, khala lili pa mbale, ndipo m'manja mwawo munali pepala loyera lopindidwa theka. Mbali ina ya mphasayo, moyang'anizana nawo, panali juzi la mnzanga la kusukulu, lopindidwa bwinobwino, ndi kapu ya mahewu yodzaza.

Ndinasendera kuti ndiike ovololoyo pa mphasa.

"Usakhale pamenepo," anatero mofulumira. "Bwera mbali ino."

Ndinazungulira n'kukagwada kumbali kwawo.

"Ndiwe uja wa pa benchi."

"Ndine, Bambo."

"Amakutchula."

Sananene kuti ankakutchula. Anati amakutchula.

Sindinafunse kanthu, koma iwo anayamba kufotokoza okha, maso ali pa pepala. Anati m'chipatala muja, khosi litauma, mwanayo sanaitane mayi ake, sanaitanenso iwo. Ankangobwereza mawu amodzimodzi, kuti zatsala zitatu, aticha akwiya, zatsala zitatu. Anapita ali ndi mawu amenewo pakamwa.

"Kwathu munthu akapita ntchito ili m'manja, sagona," anatero. "Mayi ake sindinawaike, ndinangowafunditsa masamba. Uyu yekha ndifuna agone."

Anati akaweruka ku moto Lolemba m'mamawa, ankadutsira kusukulu, n'kumasula waya, n'kusokerera, ana asanafike. Sankafuna kuti aticha awaone, poti munthu wosaphunzira salowa m'kalasi. Zilembo sankazidziwa, n'chifukwa chake ankaikapo mitanda. Masamba ankangong'amba lotsatira, osadziwa cholembedwapo.

Ndinawafunsa kuti anawaphunzitsa kupinda ndani.

"Palibe. Akaweruka kusukulu ankakhala apo, ine pano, iye akupinda, ine ndikuonerera. Manja anaphunzira okha."

Ndinayang'ana pamene panali juzi, n'kuyang'ana pamene anakhala iwo, ndipo ndinazindikira. Anaphunzira atayang'anizana naye. Dzanja lake lamanja linali kumanzere kwawo. Iye akapinda chakuno, iwo ankaona ngati wapinda chauko, ndipo ankatsanzira chimene maso awo anaona. Mantha anga anachepa pang'ono, ndipo ndinapuma.

"Ndamva kuti aticha anadula choyamba," anatero. "Ndinalakwitsa pati, mwananga? Mwina n'chifukwa chake sakuchoka."

Ndinawauza za nyemba ndi za kumanja. Anamvetsera mwachidwi. Anang'amba tsamba lina n'kundipatsa, ndipo ndinakhala phewa ndi phewa ndi iwo kuti manja athu ayang'ane kumodzi. Ndinkapinda, iwo n'kumatsatira pa pepala lawo. Zala zawo zinali zouma, zodzaza zipsera, koma zinkagwira pepala mosamala. Tinapinda mizere itatu yopendekeka, yonse moyenera. Pa wachinayi anaima. Anapendeketsa mutu kuloza kumene kunali juzi, monga munthu amachitira wina akamamunong'oneza. Kutsidya kwa damu ng'oma zinali zitaleka. Ndinkangomva ntchentche imodzi ikuzungulira pa kapu ya mahewu.

"Eya," anatero, osati kwa ine. Kenako anatembenuka. "Akuti ndisasinthe. Akuti ndizipinda monga anandionetsera."

Anatambasula pepala lija, n'kulisalaza pa bondo ndi chikhato, n'kuyambanso chamanzere. Sanandiyang'anenso. Ndinasiya tsamba langa pa mphasa n'kutsanzika. Ndili pakhomo ndinamva akuseka pang'ono, kaseko ka kholo losekera mwana wamakani. Ndinayenda bwinobwino mpaka pa mpopi, ndipo kuchoka pamenepo ndinathamanga.

Abambo ndinawauza zonse. Anavala chisoti chawo n'kunditenga kupita kunyumba kwa aticha, kuseri kwa sukulu. Tinawapeza akuchapa malaya. Ndinafotokozanso, abambo akundithandiza Chishona pamene ndinkakakamira. Aticha anakhala pa chidebe, thovu likuuma m'manja.

"Ndinamuuza kuti akapanda kumaliza ndimulembera ziro," anatero pomaliza. "Ndinkangomufulumizitsa."

Abambo anati mawu oterowo mphunzitsi aliyense amanena, ndipo imfa sinabwere ndi mawuwo. Aticha anapempha abambo kuti akauze bambo a mnzanga aja kuti chachitatucho asabwere nacho mobisa, abwere nacho dzuwa likuswa mtengo, ana onse alipo.

Lolemba aticha anatilowetsa m'balani, ofuna ndi osafuna omwe. Anatiuza mwachidule amene ankapinda mapepalawo ndi chifukwa chake. Anatulutsa choyamba chija m'buku, n'kuchitambasula, n'kuchisokerera okha. Mtsikana uja amene anayamba kunena za chipoko anafunsa ngati si cholakwika, poti ndi chamanzere. Aticha anati ku koleji anamvapo kuti DNA yopotokera kumanzere iliko, ngakhale ndi yosowa. Ine ndinaganiza kuti akungotitonthoza. Ndinadzamva nditakula, ndikuphunzira unamwino, kuti sananame.

Bambo aja anafika nthawi ya buleki itangotha. Anavala ovololo ija ya zigamba, chipewa chili m'manja. Anaima pakhomo mpaka aticha anapita kukawatenga. Tonse tinaimirira, ngakhale palibe anatiuza. Anayenda pakati pa mabenchi osayang'ana munthu, natulutsa chidutswa chija m'chipewa, nachisokerera ndi chingwe cha fodya. Atamaliza anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuwerenga ndi chala zoyera zitatuzo.

"Zakwana, aticha?"

"Zakwana, Baba."

"Mulembe kuti wamaliza."

Aticha anatsegula buku lawo la mayina n'kuchonga, n'kuwaonetsa. Bambowo anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, ngakhale sankatha kuliwerenga. Kenako anatembenukira ku benchi yanga. Ndinaganiza kuti akufuna kundiuza kanthu, koma maso awo sanali pa ine. Anali pambali panga.

"Tiye," anatero.

Anapita kuchitseko, n'kuchitsegula, n'kuima pambali atachigwira, monga umachitira wina akamatuluka patsogolo pako. Anadikira pang'ono. Kenako anatuluka n'kuchitseka bwinobwino. Mkono wanga wa mbali imeneyo unachita tsemwe mpaka paphewa. Mnyamata wa kumbuyo kwanga anayamba kulira, ndipo palibe anamuseka.

Mapepala oyera sanabwerenso. M'komboni nkhaniyo inazirala, akazi a ku mpopi anayambanso kundipatsa moni. Ine ndinkaganiza kuti bambo aja apeza mtendere umene ankaufuna.

Fodya atatha kuwotchedwa, anthu ambiri a ku Tete anayamba kumanga katundu, poti kwawo nkhondo inali itatha. Tinamva kuti bambo aja nawonso akupita. Kutatsala masiku awiri anabwera kwa abambo. Ine ndinali pakhonde pomwepo, ndikusita zovala za makasitomala ndi simbi ya makala. Anakhala pa mpando, n'kupatsana moni, n'kumasula kamtolo. Munali yunifolomu ya mnzanga, diresi lobiriwira, lochapidwa bwino.

"Atelala, munditsitsireko mpendero uwu," anatero. "Lamufupikira. Akukula."

Abambo anasiya kupalasa. Anayang'ana diresilo, n'kuyang'ana munthuyo. Ndinkadikira kuti anene kanthu, awakumbutse, mwina awatchulire Mulungu monga ankachitira ndi anthu ofedwa. Sanatero.

"Nditsitse zala zingati?" anafunsa.

Bambowo anayang'ana pambali pawo, n'kutambasula dzanja m'mwamba pang'ono, n'kuyeza.

"Zitatu."

Abambo anatenga lezala n'kumasula mpenderowo, n'kuupinda pa zala zitatu, n'kusoka. Panatsala mzere wotuwa pamene panali mpendero wakale. Anandipatsa kuti ndisite. Ndinalisita kawiri, koma mzerewo sunachoke. Pakolala panali kadontho ka inki kamene ndinamudonthezera ndine chaka chathacho, tikulimbirana bolopeni. Ndinalipinda n'kuwapatsa nditagwada. Analandira ndi manja awiri.

"Akuti zikomo," anatero.

Atapita ndinafunsa abambo chifukwa chimene sanawauzire zoona. Anayamba alowetsa ulusi pa singano, n'kuunyowetsa ndi malovu, n'kuulowetsanso.

"Akuzidziwa," anatero. "Anakumba nawo manda ndi manja awo."

Lachitatu m'mawa lole inawatengera ku msewu wa ku Mutare pamodzi ndi mabanja ena anayi. Ine ndinali m'kalasi, ndinangomva kulira kwa injini ikudutsa kuseri kwa mabalani. Anthu amene anabwerera kuchokera ku Tete zaka zotsatira ndinkawafunsa za iwo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anawaonako.